Ndani anatuma munthu wa miyala uja?

Lachiwiri ndinakwera minibasi yochokera ku Dambwa, ndipo pambali panga panakhala ba Mutinta, mayi wamasiye amene amagulitsa ziboliboli ku Mukuni Park. Mwamuna wawo atamwalira chaka chatha, alamu awo anatenga nyumba, mipando, ngakhale mbale. Lamulo loteteza amasiye lilipo, koma lilibe mano. N'chifukwa chake amayi a m'matchalitchi anakonza zoyenda pamsewu Loweruka, kupempha kuti lilimbitsidwe.

Tili m'njira, bambo wina wa magalasi akuda, amene palibe ankamudziwa, anayamba kulalikira.

“Kuimba nyimbo ni kutaya nthawi chabe. Boma imamvera mwala. Aliyense abwere na wake m'chitenje!”

Ba Mutinta anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

“Imwe ba bambo, mkazi wanu ni wamasiye?”

Minibasi yonse inaseka. Iye anatsika pa siteji yotsatira.

Ine sindinaseke. Munthu amene sanalandidwe ngakhale supuni, ukali wotere wautenga kuti?

Enanu mukukumbuka mmene tinkadzazira misewu zaka zingapo zapitazo, tikufuna kuti lamulo la chipani chimodzi lichoke. Tinalibe zida. Tinali ndi mapazi ndi mawu basi. Panali aphunzitsi, ogwira ntchito kunjanji, anamwino, ogulitsa tomato. Akuluakulu atayang'ana khamu lija anasowa womutchula chigawenga, chifukwa mmenemo munali azakhali awo. Lamulo linasintha. Zipolowe zimene zinachitika m'mbuyomo zinatisiyira maliro ndi mashopu opanda mawindo.

Mwala umodzi umakwanira. Ukangouluka, mawa nyuzipepala silembanso za amasiye, imalemba za galasi la banki.

Loweruka ndinapita. Amayi anadzaza msewu wa Mosi-oa-Tunya, akuimba, ena ana kumsana. Dzuwa linawaotcha koma palibe anatola kanthu pansi. Ku maofesi a boma mkulu wina anatuluka, nawamvetsera mpaka kumapeto, nalonjeza kukafikitsa mawu awo ku Lusaka. Lonjezo la mkulu ndimalilandira ndi dzanja limodzi, koma anatuluka, ndipo anatuluka chifukwa panalibe chifukwa chotsekera chitseko.

Pobwerera, ba Mutinta anandikoka malaya.

“Ba neba, onani uko pansi pa mtengo.”

Bambo wa magalasi uja anali atatsamira galimoto yoyera, akugawana fodya ndi mwini wake.

“Uyo wa motoka ni mlamu wanga,” anatero mayiwo motsitsa mawu. “Ndiye agona m'nyumba yanga.”

Mwina ndi mabwenzi chabe. Mwina anangokumana pomwepo. Ndilibe umboni, ndipo sindinamizira munthu.

Koma inu owerenga, tsiku lina mlendo akadzakupatsani mwala kuti mumenyere ufulu wanu, mudzayambe mwamufunsa: galasi likasweka, adzagone tulo tabwino ndani?