Chaka chimene sitinalambule msewu

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anayamba kugwa khunyu atangosiya kuyamwa. Ku chipatala cha ku Thambani anatiuza kuti matendawa satha msanga, koma amagonja ndi mankhwala, bola mwana asamadumphitse kumwa. Mapilitsi ankatipatsa a mwezi umodzi. Ndiye mwezi uliwonse ndinkamubereka kumbuyo kupita naye kukaonedwa ndi kukatenga ena, pena pa kabaza, pena wapansi.

Pakati pa mudzi wathu ndi Thambani pali khwawa limene msewu umadutsapo. M'chilimwe ndi mchenga wokhawokha, mbuzi zimagonamo. Koma mvula ikagwa kumapiri, madzi amabwera ofiira ndi aukali. Pamalo pamene msewu umawolokera, madziwo anakumba dzenje lalikulu n'kudya magombe onse awiri. Madzi akaphwera kwina konse, padzenjepo ankakhalabe ofika m'chifuwa mpaka dzinja kutha. Njira ina yozungulira inalipo, koma ndi mwana kumbuyo unkanyamuka m'mawa n'kukapeza chipatala atatseka.

Nthawi imeneyo n'kuti makhansala atangobwerera, patapita zaka tilibe. Khansala wathu anali bambo wina amene kale ankapikula manachesi m'midzi n'kukagulitsa ku malire. Tonse tinkamudziwa, ena ankamutchula kuti alamu. Iyeyo ndi amene anatenga dandaulo lathu loti pakhwawa pamangidwe mlatho n'kukalitula ku khonsolo. Atabwerako anatiuza zoona zake: misewu yodandaula ndi yambiri, chuma cha chaka chimenecho ndi chochepa, choncho akuluakulu oyang'anira misewu adzayendera malo onse n'kusankha oipitsitsa. Anatiuza ndi tsiku lomwe.

Tsono kwathu kuno mlendo akamabwera timalambula njira. Kaya ndi abusa aakulu a mpingo, kaya ndi galimoto yobweretsa maliro, kaya ndi akuchimuna akudzafunsira mbeta, njira imakonzedwa. Palibe amene amalamula, zimangodziwika. Alendo atatsala pang'ono kubwera, mudzi wonse unatuluka ndi makasu. Amuna anagumula magombe kuti akhale otsetsereka, m'dzenje muja anaponyamo miyala ndi mitengo, pamwamba n'kuyala nthambi ndi dothi. Ife amayi tinkatunga madzi n'kumathira kuti dothi ligwirane, kenako n'kumaponda ndi mapazi tikuimba. Amayi anga ondibereka ndiwo ankatsogolera nyimbo. Iwowo ndi munthu wosalola kuti mlendo apeze ngakhale tsamba pabwalo. Anafika mpaka posanja miyala m'mbali mwa msewu n'kuipaka phulusa kuti iyere.

Galimoto ya khonsolo inadutsa pakhwawa paja osagwedezeka n'komwe. Munali amuna angapo, khansala wathu, ndi mayi mmodzi amene ankati ndiye katswiri wa misewu. Kalankhulidwe kake kankamveka kuti si wa kuno. Anatsika, anayang'ana uku ndi uku, anajambula ndi foni. Tinawalandira ndi thobwa, anatiyamikira kuti ndife anthu okonda chitukuko, ife n'kuwomba m'manja. Ndinaona kuti khansala sanamwe thobwa lake, koma ndinangoti mwina watopa.

Patapita nthawi anabwera pa njinga yake yamoto kudzatiuza kuti thandizo lapita ku msewu wina. Anthu anakwiya. Ena anayamba kunena kuti wagulitsa mlatho wathu. Iye anadikira phokoso lithe, ndiye anati:

"Abale anga, ine ndinakawauza anthu aja kuti kwathu kuli dzenje lomeza munthu. Tikufika, ndapeza msewu wosalala ngati bwalo la mpira. Kwinako kumene tinapita, galimoto tinachita kukankha. Inuyo mukanakhala iwo mukanasankha kuti?"

Kenako mkulu wina wowotcha makala anati, "Ndiye kuti tinasesa ndi mlatho womwe." Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Amayi anga sanaseke. Ananyamuka n'kupita kunyumba.

Mvula yoyamba yomweyo inakokolola mitengo ndi dothi lathu lija, dzenje n'kubwerera lalikulu kuposa kale. Dzinja limenelo tinavutika. Bambo a mwana ankamunyamula paphewa n'kuwoloka, ine pambuyo nditasenza zovala zathu pamutu. Mwezi wina mvula inagwa mosalekeza, madzi sanalole munthu aliyense. Mankhwala anatha. Ndinayesa kudula mapilitsi otsiriza pakati kuti akhalitse, koma anathabe. Mwana anagwa masana akusewera pafupi ndi mtondo, anadziluma lilime, magazi kukamwa konse. Amayi anga ndiwo anamugoneka chammbali n'kumugwira mutu mpaka kunjenjemera kutaleka. Mwanayo atatsitsimuka anapempha madzi, ndipo sankadziwa chimene chachitika.

Chilimwe chitabweranso, khansala anakalowetsanso dandaulo lathu. Ndimamuyamikira chifukwa cha zimenezi, pakuti anthu anali atamunyoza kwambiri ndipo akanatha kungotisiya. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango pasukulu, n'kupempha chinthu chimodzi chokha: alendo akamabwera, pasapezeke munthu wogwira khasu pakhwawa. Aone mmene ife timaonera.

Anthu ambiri anavomera, koma akuluakulu ena zinawavuta. Sikuti sankafuna mlatho. Kungoti kwa iwo kusiya njira yoipa dala, mlendo uli kumudziwa kuti akubwera, kunali ngati kumutukwana. Amayi anga anadzalankhula kunyumba, tikusenda nandolo pakhonde.

"Iwe, anthu amenewo adzatiyesa anthu otani? Adzakanena ku boma kuti kuja kuli alesi."

Ndinawayankha kuti akanene, bola mwana azimwa mankhwala. Iwo anati munthu ngakhale usauke bwanji sumuonetsa mlendo mphasa yong'ambika, umaitembenuza. Ndinawafunsa kuti nanga kuchipatala, munthu amabisa bala kuti adokotala asamuseke? Anandiyang'ana n'kunena kuti sukulu ya pulayimale yomweyo yandipatsa pakamwa. Sindinapitirize. Amayi anga sakankhidwa, ukawakankha ndiye amaponda mwala. Ndinangotenga mwana n'kumukhazika pamiyendo pawo kuti amupese tsitsi, ine n'kukaphika.

Tsiku la alendo ndinadzuka n'kupeza khasu la amayi palibe, tsache palibenso. Ndinabereka mwana n'kuthamangira kukhwawa. Ndinawapeza, koma m'dzenje sanaponyemo ngakhale mwala umodzi. Ankalambula kuyambira pagombe la tsidya lathu kulowera kumudzi, kuzula zisoso ndi kusesa ndowe za ng'ombe. Atandiona anati, osatukula mutu:

"Dzenje lanulo ndalisiya. Koma akawoloka ndi alendo anga."

Ndinamasula mwana, ndinathyola nthambi n'kuyamba kusesa nawo.

Galimoto inafika dzuwa litakwera. Woyendetsa anaima tsidya lija, anatsika, anasuzumira m'dzenje n'kupukusa mutu. Alendo onse anatsika wapansi. Gombe linali laphedi, moti bambo wina wonenepa anatsika chokhala, thalauza lonse fumbi. Panalibe amene anaseka, ngakhale ana, chifukwa tonse manyazi anali atatigwira. Mayi wa misewu uja anavula nsapato zake n'kuzigwira m'manja. Atakwera tsidya lathu, amayi anga anapita kukagwada patsogolo pake.

"Pepani amayi, si khalidwe lathu limeneli. Taona kuvutika kwanu."

Mayiyo anawagwira dzanja n'kuwadzutsa. Anati amawakumbukira, si aja anapaka miyala phulusa chaka chatha? Anatiuza kuti ulendo woyamba uja dothi latsopano analiona ndithu, koma anaganiza kuti ngati anthu atha kukonza okha chonchi, ndiye kuti malowa angadikireko, pamene kwina kunalibe ngakhale poyambira. Anati sanadziwe kuti pansi pa dothilo panali dzenje lotere, ndipo anapepesa kuti sanafunse. Amayi anga anati wopepesa ndife, iye anati ayi ndi iye, mpaka khansala anati ngati kupepesana kumamanga mlatho ndiye tamanga iwiri.

Mayiyo anabwereranso m'khwawa, nthawi ino mosafulumira. Anayenda kumtunda ndi kumunsi. Anaona zinyalala zimene madzi anasiya zitakodwa m'nthambi za mtengo wa mkuyu, pamwamba pa mutu wake, n'kuima kanthawi akuziyang'ana. Kenako anafunsa kuti dzinja amene amakakamizika kuwoloka pano ndani. Anthu anatchula ana asukulu, amayi oyembekezera, anyamata a makala. Khansala anandikodola ine. Ndinalankhula mwachidule za mwana ndi mankhwala ake ndi mwezi uja anatha. Mayiyo anamuyang'ana mwana, mwana n'kubisa nkhope mu chitenje changa.

Sanatilonjeze kanthu, ndipo ine ndinakonda zimenezo. Anati mapaipi a kalavati pamalo pano sangalimbe, madzi ake ndi ambiri, angawanyamule. Chofunika ndi kudzaza dzenje ndi miyala n'kuyala simenti pansi, kuti madzi azidutsa pamwamba osakumba. Anati mvula yaikulu ikagwa tidzadikirabe, koma kudikira kwa maola, osati kwa milungu. Anati iye akalemba zimene waona, koma osankha ndi makhansala onse pamodzi, ndipo aliyense wa iwo ali ndi khwawa lake limene akulilira.

Tinadikira. Kudikira ndimakutha, amayi a mwana wodwala amaphunzira. Uthenga unabwera kuti ativomera, koma miyala ndi mchenga titute tokha. Tinatuta ndi mitu, ndi mawilibala, ndi ngolo ya munthu wina. Milu inakula m'mbali mwa khwawa mpaka udzu kuyamba kumerapo, amisiri osabwera. Anadzafika kutentha kutafika pachimake, mitambo itayamba kale kusonkhana masana.

Ntchito ili pakati, mayi uja anabwera kudzayendera. Ine ndinalipo, tinkatungira amisiri madzi. Anayenda pa simenti imene inali itauma, anafika chakumapeto n'kugogoda ndi chitsulo. Inanyenyeka ngati chigumu. Anaitana mkulu wa amisiri, analankhula naye pambali motsitsa mawu, ndipo mawa lake tinaona anthu akuphwanya gawo lonse limenelo. Ankati mchenga unachuluka.

Ndinene zoona, tsiku limenelo mayiyo ndinamuda. Ndinayang'ana kumwamba kuli bii, ndinayang'ana simenti ikuphwanyidwa, n'kumati mumtima bwanji osangoisiya, yoipa yomweyo bola ilipo. Ndinamutsatira kugalimoto n'kumufunsa mwaulemu ngati ntchito ithe mvula isanabwere. Anati sakudziwa. Anati koma akaisiya choncho, madzi oyamba ailowa pansi n'kunyamula yonse, ndipo khonsolo siidzabweranso pamalo amodzi kawiri. Anafunsa za mwana, ngati akumwabe mankhwala. Ndinati akumwa. Anati ayesetsa kuti amisiri asachoke.

Mvula yoyamba inawapeza asanamalize. Inali yochepa, inangonyowetsa fumbi, koma ine usiku ndinkamvetsera padenga ngati munthu womvetsera wakuba. Amuna a m'mudzi anayamba kuthandiza amisiri osafunsidwa, khansala nayenso anavula jekete n'kumasakaniza simenti, anthu akumuseka kuti alamu ayamba kampeni msanga. Anamaliza, anaphimba ndi udzu kuti iume bwino, ndipo mvula yeniyeni inabwera patangopita masiku ochepa.

Tsiku la mankhwala la mwezi wa Januwale linafika mvula itagwa kwambiri dzulo lake. M'botolo munatsala a tsiku limenelo okha. Tinafika pakhwawa m'mawa, madzi akuthamanga pamwamba pa simenti, ofika m'mawondo. Tinapeza anthu ena atakhala pagombe, anyamata a kabaza, mayi wina ndi nkhuku zake, mphunzitsi atapinda thalauza. Tinakhala nawo. Mwana anadya chimanga chowotcha, anagona pang'ono pamiyendo panga. Wa kabaza wina anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, ndipo tonse tinkangoyang'ana kamtengoko madzi akukasiya pang'onopang'ono.

Dzuwa lisanafike pamutu madzi anatsika kufika m'kakolo. Mphunzitsi ndiye anayamba, akufufuza ndi phazi. Ine ndinafuna kumubereka mwana, koma anakana, anati ayenda yekha. Ndinamugwira dzanja mwamphamvu, tinalowa. Pansi panali polimba. Anaima pakatikati kuyang'ana madzi akumuzungulira miyendo, ndinachita kumukoka.

Kutsidya msewu unali matope okhaokha mpaka ku Thambani, kabaza tinkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika. Tinafika zovala zili zofiira, mzere utatsala anthu ochepa. Namwino anamuyeza mwana sikelo, anafunsa ngati wagwapo mwezi umenewo. Ndinati ayi. Anandipatsa mapilitsi, ndinawakulunga mu pepala la pulasitiki n'kuwamanga pa msonga ya chitenje, chifukwa kumapiri kunali kutayambanso kuda ndipo tinafunika kuwoloka madzi asanabwere.