Kutsika Phiri pa Matabwa Atatu

Ndinacheka matabwa m'phiri zaka zambiri. Mnzanga pa sowo anali alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Iwo ankaima pamwamba pa chipika, ine pansi m'dzenje, utuchi ukundigwera m'maso. Matabwa sitinkasenza. Panali mtsetse wautali pakati pa mitengo ya paini, woterera ndi masamba ouma. Tinkangokankha thabwa, lokha n'kupita mpaka kumadimba. Munthu sankakwerapo. Aliyense ankadziwa zimenezo.

Tsiku limenelo mvula yoyamba inabwera masana, ya matalala. Tinabisala pansi pa pepala la pulasitiki. Itakata, phiri lonse linali loyera mbee, ngati wina wakhuthulapo mchere. Matalala ankafika m'kakolo.

Alamu anati timalize chipika chimodzi. Anakwera. Mtengo unali wonyowa. Anaterereka, ntchafu n'kugwera pa mano a sowo.

Magazi pa matalala amaoneka ambiri. Ndinavula malaya n'kumanga balalo, pamwamba n'kukulunga ndi mphira wa njinga. Magazi ankatulukabe. Foni sinkagwira. Anzathu ocheka anali atathawa mvula kalekale. Ndinayesa kuwabereka. Alamu ndi munthu wathupi. Ndinayenda mapazi khumi, tonse tinagwa.

"Alamu, kodi mlongo wanga sakukudyetsani?" anatero.

Sindinaseke. Milomo yawo inali itatuwa.

Njira ya miyendo ndi yozungulira. Ndi munthu kumsana, dzuwa likanatilowera tili m'phiri, ndipo magazi aja sakanadikira. Ndinayang'ana mtsetse wa matabwa uja.

Ndinasankha matabwa atatu, n'kuwamanga pamodzi ndi chingwe. Ndinawagoneka alamu chagada, n'kuwamangirira pachifuwa. Ine ndinakhala kumbuyo, mutu wawo uli pakati pa miyendo yanga, m'manja ndili ndi mtengo woimitsira.

"Mwandikonzera kale bokosi? Mukanapala kaye matabwawa."

"Khalani chete, alamu."

Ndinkaganiza kuti matalala atigwira ngati mchenga. Poyamba zinaterodi. Anali atsopano, palibe anapondapo, ndipo ankaphwanyika pansi pa matabwa, ife n'kumayenda pang'onopang'ono. Mtima unayamba kukhala pansi.

Kenaka tinafika potsika kwambiri. Matalala anayamba kugubuduka pansi pathu ngati nyemba pa simenti. Ndinazika mtengo uja. Unathyoka. Ndinazika zidendene. Matalala anandithira kumaso, osaonanso kutsogolo. Mitengo inkangodutsa m'mbali, fyuu, fyuu. Mphepo inanditseka pakamwa.

Pakati pa mtsetsewo pali chitsa. Matabwa athu ambiri anang'ambikira pamenepo. Tsiku limenelo chinali chitakwiririka. Ndinkangokumbukira kuti chili kumanzere kwa mwala waukulu. Nditauona mwalawo ndinagwira alamu m'khwapa, n'kudzigwetsera kumanja ndi thupi lonse. Phaa! Thabwa la kumanzere linang'ambika n'kutsala. Tinapitirira pa awiri, chopingasa.

Ndinayamba pemphero la Tikuoneni Maria. Mawu oyamba okhawo ndi amene ankatuluka, mobwerezabwereza.

Liwiro linandiopsa, koma chinandiopsa koposa n'chakuti alamu anasiya kulankhula. Mutu wawo unkangogunda pa mawondo anga. Ndinaganiza za akazi anga. Ndikawauza kuti achimwene awo yawapha ndi sowo, kapena ine?

Chinatiimitsa ndi mizere ya kachewere kudimba. Tinagumula inayi, matabwa n'kuzama m'matope. Mayi mwini dimba anatulukira ndi khasu.

"Inu ocheka inu! Ndinanena kangati kuti matabwa anu asamagwere muno?"

Ataona magazi anaponya khasu, n'kuthamanga akuitana amuna awo kuti abwere ndi njinga yamoto.

Ndinamasula chingwe.

"Alamu."

Zii.

"Alamu!"

Ndinawamenya patsaya, munthu amene sindinamuloze n'chala chomwe. Diso limodzi linatseguka.

"Sowo mwaisiya kumtunda?"

Njinga yamoto ija inafika. Pa njinga ndinakhala kumbuyo, alamu pakati, mpaka kuchipatala cha mishoni. Anawasoka, anawaika magazi. Anamwino anati tikanachedwa pang'ono, bwenzi ili nkhani ina. Majombo anga analibe zidendene.

Sowo ndinakaitenga patapita masiku atatu, kudzera njira yozungulira. Matalala anali atasungunuka. Pobwerera ndinapatuka kukaona chitsa chija. Chinali ndi bala latsopano m'mbali, ndipo chidutswa cha thabwa chinali chikadali pomwepo. Ndinayeza ndi dzanja kuchokera pa balalo kufika pamene panadutsa mutu wa alamu. Zala zinayi.

Alamu alipo, amatsimphina. Nkhaniyi amaikamba pa mowa, amati anakwera galimoto yopanda matayala, dalaivala wake akulira. Anthu amaseka. Ine ndimadzuka n'kutuluka panja. Za zala zinayi zija sindinawauze.