Kope Limene Linandimangitsa

Kumunda kulibe chitseko, choncho sanagogode. Anangoima kumapeto kwa mizere n'kunena kuti odi. Linali Lachitatu, sabata yachiwiri ya Meyi, cha m'ma teni koloko m'mawa, ine ndi amayi tikukumba kachewere kumunda kwathu, kumtunda kwa Tsangano. Anali apolisi awiri, wina wa yunifolomu, wina wa jekete lachikopa. Wa jeketeyo anatchula dzina langa lonse, monga amaitanira pa kaundula wa kusukulu.

"Ndine," ndinatero.

"Tiye ukatithandize pang'ono. Ubwera pompano."

"Walakwanji mwanayu, bambo?" anafunsa amayi.

"Ndi mafunso chabe, mayi."

Anandilola kusamba m'manja. Ndinabwerako patatha masabata asanu ndi awiri.

Pa nthawiyo sindinali mwana wa sukulu. Ndinasiya mu Januwale, ndili Fomu Folo, ndipo sanachite kundithamangitsa. Tinali ndi mtsutso pa mutu wakuti kodi sukulu ikutithandiza, a komiti ya makolo ali pomwepo. Ine ndinanena poyera zimene aliyense ankanenera kuseri: kuti aphunzitsi asanu sangathe maphunziro onse a makalasi anayi, kuti atsikana a m'kalasi mwathu akutha, akukakwatiwa kutsidya kwa malire, kuti amene anakhoza chaka chatha akupalasa kabaza pa Boma. Ndinanenanso kuti n'kupusa kutiloweza sewero la mafumu a kutsidya kwa nyanja amene anafa kalekale, ife denga la kalasi likutidonthera pamutu. Ahedi anati ndikatenge kholo, ndidzapepese pa asembule. Amayi anga ndi amasiye, anagwadirapo anthu okwanira. Sindinafune kuti akagwadenso chifukwa cha pakamwa panga. Ndinangotenga khasu.

Sewero ndinkanyozalo ndinkalidziwa kuposa onse, osati mwa kufuna kwanga. Buku lake linali limodzi pa kalasi yonse, ndipo Chingerezi chake chinali chakale, chosatafunika. Aphunzitsi athu a mabuku, amene tinkangowatchula kuti Madamu, anaganiza zoti tilitembenuzire m'Chichewa chathu, tidzalisewere tokha kuti tilimve. Iwo ankamasulira, kalasi n'kumakangana za mawu, ine n'kumalemba m'kope lachikuto chofiira chifukwa dzanja langa linali looneka bwino. Nkhani yake ndi ya anthu amene anapangana kupha mtsogoleri wawo. Mayina a m'bukumo ankatipinda lilime, choncho kumanzere kwa mawu alionse ndinkalemba dzina losereula la mnzathu amene adzanene mawuwo: Chigayo, Wayilesi, Nduna, ndi ena, onse pamodzi khumi ndi mmodzi. Mtsogoleri uja tinangomulemba kuti Mkulu. Tinafika pamene achiwembuwo amaliza kupangana tsiku ndi malo, ine n'kusiya sukulu. Kopelo ndinalisiya m'kalasi, dzina langa lili pachikuto.

Sabata yoyamba ya Meyi, aphunzitsi awiri atasamutsidwa mayeso ali pafupi, ana a sukulu anachita zipolowe. Anaswa mawindo a nyumba ya ahedi ndi kutentha chipinda chosungira katundu, buku limodzi lija lili momwemo. Sukulu inatsekedwa, ana anabalalikira kwawo. Apolisi anatola kope lofiira.

M'chipinda chofunsira munali tebulo ndi mpando umodzi. Ine ndinakhala pansi. Wa jekete anatsegula kopelo, anawerenga tsamba lonse mokweza, osathamanga.

"Awa ndi maminitsi a msonkhano wanu."

"Ndi sewero, bwana."

"Sewero lokhala ndi tsiku ndi malo? Nanga Mkulu ndani?"

"Wa m'buku."

"Bukulo lili kuti?"

"Linapsa."

"Linapsa," anabwereza, n'kumwetulira. "Pasukulu mkulu amakhala ndani, mphwanga?"

Anatulutsa pepala limene anali atalembapo kale manambala, kuyambira wani mpaka leveni, aliyense ndi dzina lake losereula. Ankafuna mayina enieni. Makolo ndi ana onse anali atakana kuti sawadziwa.

"Masiku ano ndi a demokalase," anatero. "Sitikakamiza munthu. Ulemba wekha, usayina wekha, ukagona kwanu."

Ndinene zoona. Anthu khumi ndi mmodziwo sindinkawakonda. Kuyambira Januwale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzandiona. Pa mtsutso paja anawomba m'manja, koma ahedi ataimirira onse anayang'ana pansi. Ndipo ndinkadziwa kuti awiri mwa iwo miyala sakanaisiya pansi. Koma mayeso a Fomu Folo anali atatsala masabata owerengeka, ndipo dzina lililonse pa pepala lija linali munthu wogona m'chitokosi anzake akulemba. Ndinakumbuka Wayilesi, mtsikana wolongolola uja, amene anakana banja kawiri kuti afike pamenepo. Ngakhale choncho sindinene kuti ndinakana chifukwa cha ubwino. Ine ndimadana ndi kuuzidwa zochita. Ndinakankha pepalalo.

Lachinayi anandifunsanso, atandivula nsapato. Pakona panali kachidutswa ka paipi yakuda ya madzi. Mafunso anali omwewo. Lachisanu pobwerera m'chitokosi anachita kundinyamula. Mpaka lero kukazizira ndimayenda ngati ndikuponda pa zitsotso.

Tsiku limenelo wa yunifolomu uja anabwera ndi madzi m'botolo, anandipatsira pa kabowo ka chitseko. "Imwa msanga," anatero. "Sunandione." Sindinamuonenso. Ngati ali moyo, adziwe kuti madziwo ndimawakumbukira.

Lolemba ananditengera kukhoti. Anandiwerengera mlandu wa chiwembu ndi wotentha nyumba, anati za belo sizingatheke chifukwa anzanga sanapezeke, n'kunditumiza ku rimandi.

Kundende ankatitsekera dzuwa likadali m'mwamba. Wobwera kumene amagona pakati, malo amene amawatcha shamba, chokhala, mawondo ako ali pamsana pa mnzako. M'mbali mwa khoma, momwe munthu angatambasule miyendo, ndi mwa akale ndi mwa nyapala, mkaidi amene amalamulira anzake. Kukhomako kunali bambo wina wachikulire wa ku Kandeu, amene anali atadikira mlandu wake wa malire a dimba kwa nthawi yaitali moti anasiya kufunsa. Tonse tinkati Madala. Anayang'ana mapazi anga, kenako anasuntha.

"Bwera kuno, Fomu Folo. Utambasule zimenezo."

"Malo amenewo si a alendo," anatero nyapala.

"Ndi anga, ndabwereketsa. Pali lamulo?"

Madala anakagona pa shamba masabata awiri, munthu wa imvi. M'mawa uliwonse ankasungunula kamchere kake m'madzi n'kumandithowa mapazi ndi kansanza. Ndinamuuza kuti asavutike. Anati, "Takhala chete. Pakamwa pako ndi pamene pakufikitsa kuno."

Atamva mlandu wanga, selo yonse inafuna kumva sewerolo. Ndinayamba monyinyirika, koma ndinapeza kuti dzanja limene linalemba linali litalowetsa zonse m'mutu. Kuyambira potitsekera mpaka dzuwa litachoka pa kawindo, ndinkanena mawu a munthu aliyense, kusinthasintha mawu. Anthu makumi angapo ankakhala zii, ndowa ya pakona yokha ikununkha. Ndikaima, mkangano unkabuka. Mnyamata wina wa mlandu wa njinga anati Mkuluyo anayenera kufa, atsogoleri onse ndi amodzi. Nyapala anati ayi, mukapha wamkulu mudzalira ndi wobwerayo. Wina anakuwa kuti, "Inu mukudziteteza, bwana nyapala!" ndipo ngakhale nyapalayo anaseka. Madala anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Mnzake wapamtima uja, walowa nawo chiwembuyu, ankadya kunyumba kwa Mkulu?"

"Ankadya, Madala."

"Ndiye ameneyo tulo wagulitsa."

Miyezi yonse ya m'kalasi sindinamvepo munthu akufunsa funso lotero. Ife tinkafunsa zimene zidzabwere pa mayeso.

Tsiku lachisanu ndinafika pamene kope linathera. Ndinaima pomwepo.

"Ndiye zinatha bwanji?" anafunsa nyapala.

"Sindikudziwa. Ndinasiya sukulu tisanamalize."

Anaseka mpaka asilikali a ndende anamenya chitseko. "Fomu Folo iwe," anatero Madala akupukuta misozi, "akuswera mapazi pa nkhani yosadziwa mathero ake?"

Wa jekete anabwera kundende kawiri ndi pepala lake. Ulendo wachiwiri, m'katikati mwa Juni, anandiuza kuti sukulu yatsegulidwa. "Anzako akuwerenga, iwe ukudya nandolo wofumbwa. Abwerapo angati kudzakuona?" Pamenepo anandilasa, chifukwa yankho linali lakuti palibe. Ndinagwira bolopeni. Ndinapempha kuti andipatse tsiku limodzi. Nditabwerera m'selo ndinamuuza Madala, ndikuyembekeza ulaliki.

"Ukalemba utuluka, zoona," anatero. "Koma popita kumsika uzidzadzera njira iti?"

M'mawa mwake ndinabweza pepalalo lili mmene linabwerera.

Amayi ankabwera Loweruka lililonse, atakwera pamwamba pa matumba a kachewere pa lole yopita ku Boma. Sanandiuzepo kuti ndilembe, sanandiuzeponso kuti ndisalembe. Loweruka lina anati anakapeza Madamu. Madamu anali ndi mantha, chifukwa iwonso anali atafunsidwa ndipo ntchito yawo inali pachiswe.

"Ndinawagwadira," anatero amayi, akundiyang'ana m'maso kudzera pa waya. "Ndipo usandiuze kanthu."

Ndinawamvera.

Mlandu unalowa Lachinayi, sabata yomaliza ya Juni. Woweruza anali mayi wa magalasi, wosakweza mawu. Madamu anaima ngati mboni, atanyamula buku limene anakabwereka kusukulu ina. Anafotokoza mmene tinkamasulira. Woimira boma anawasiya amalize, kenako anatembenukira kwa woweruza.

"Ngati ndi sewero, osewerawo ali kuti? Munthu wosewera amabisala?"

Kenako kumbuyo benchi inalira. Ndinacheuka. Anali ataimirira mtsikana wa yunifolomu ya sukulu, tsitsi lometa.

"Wayilesi ndine, bwana."

Pambali pake panaimirira mnyamata wonenepa. "Chigayo ndine." Kenako Nduna, kenako ena. Sindinawaone polowa, chifukwa ndinali nditaweramira pansi. Anaimirira asanu ndi anayi, wa jekete ali pomwepo ndi bolopeni yake, mayeso atatsala masiku anayi. Awiri sanabwere. Chifukwa chake ndikuchidziwa ndipo sindilemba.

Woweruza anatsegula kope lofiira pakati, anauza Chigayo kuti anene mawu ake. Anayamba mwachibwibwi, kenako mawu anabwera. Wayilesi anamuyankha. Woweruza ankatsatira ndi chala, mzere ndi mzere, Madamu n'kumuonetsa tsamba lomwelo m'buku. Atatha masamba awiri anavula magalasi.

"Zakwana," anatero. Anati palibe mlandu woti ndiyankhe. Kwa ine anangoti, "Pita kwanu. Uli ndi dzanja labwino."

Panja Chigayo anandiyandikira akukanda m'mutu. "Aise, tinachedwa."

"Munachedwa kwambiri."

Sindinamukumbatire, koma dzanja ndinamupatsa. Palibe amene anawagwira, ndipo onse asanu ndi anayi analemba mayeso. Madamu anandipatsa kope langa pamodzi ndi buku lija. "Bukuli ndi lobwereka, libwerere Lolemba," anatero. "Ntchito yako sunamalize."

Zimene ndinanena pa mtsutso paja sindinabweze ndipo sindibweza. Denga lija likudonthabe. Kusukulu sindinabwerere. Wa jekete sanapepese, ndipo ndikamuona pa Boma amayang'ana kumbali. Koma pa za sewero ndinalakwa. Ndinkati ndi la anthu akufa, pamene linkadikira anthu oti alimve, ndipo ndinawapeza pa shamba.

Amatiuza kuti ufulu unabwera ndi voti, ine ndisanabadwe. Mwina. Wanga sunabwere wokha. Wina anaunyamula m'botolo la madzi, wina anaugonera chokhala masabata awiri, amayi anaugwadira, anthu asanu ndi anayi anauimirira. Ine amene ndinkati sindifuna munthu. Ndinaumva bwinobwino Lachisanu, tsiku lotsatira mlandu utatha, nditakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni, buku pa bondo. Panalibe wondiuza kuti lemba, panalibe wondiuza kuti sayina. Ndinalemba masiku atatu mpaka tsamba lomaliza. Pamene Chingerezi chandikanika ndinkasiya mpata, Madamu anadzadzazamo.

Loweruka lotsatira ndinakwera lole ija ndekha, ndi kachewere wowiritsa ndi kamchere m'kathumba. Madala anabwera pa waya akutsimphina. Anatipatsa mphindi zochepa, choncho ndinamuuza mathero mothamanga, iye akugwedeza mutu kuti akawauze anzake onse.

"Nanga mnzake wapamtima uja?" anafunsa, msilikali atayamba kale kumukoka dzanja.

"Sanapezenso tulo, Madala."

"Ndinanena ine," anatero, n'kulowa akuseka.