Rhonda ndi Kabotolo ka Colby

Rhonda Wozniak sadziwa kukhala pansi. Funsani aliyense ku Toledo amene anakwerapo basi yachikasu ya ana asukulu yomwe amayendetsa. Ngakhale ataima pa maloboti, phazi limangogunda pansi, zala zikuliza chiwongolero ngati ng'oma. Khofi amamwa choimirira, kapu n'kuisiya paliponse, moti tsiku lina anakaipeza mu filiji.

Koma chinthu chimodzi sanaphonyepo: mapilitsi a mwana wake Colby. Kuyambira mwanayo ali wamng'ono, pomwe dokotala ananena kuti ali ndi ADHD, vuto lija loti maganizo sakhala pamodzi, kabotolo ka mankhwala kankakhala pambali pa ketulo, ndipo kasanathe kena kanali katafika kale. Amenewa si asipulini woti ungotola pa shelefu. Amapereka a mwezi umodzi basi, ndipo mwezi uliwonse dokotala ayenera kulemberanso ena. Bambo wa mwanayo analowera kwina kalekale, choncho zonsezi Rhonda ankathamangira yekha, ndipo ankanyadira kwabasi.

Ndiye Colby anakula, napita ku koleji ku Pennsylvania, ulendo wa theka la tsiku pa galimoto. Rhonda ataimba kwa dokotala monga mwa nthawi zonse, mlembi wa pa ofesiyo anamudula mawu.

"Pepani Mayi Wozniak, Colby ndi wamkulu tsopano. Aziimba yekha."

"Wamkulu? Munthu amene anapita ku koleji atavala nsapato zosiyana?"

"Ndi lamulo, mayi."

"Mankhwala omuthandiza kukumbukira, mukufuna aziwakumbukira yekha. Nzeru zake ndi ziti pamenepo?"

Mlembiyo anangomufunira tsiku labwino. Anthu a m'maofesi ndi choncho, amakukana mwaulemu mpaka umasowa pomukalipira.

Miyezi yoyamba zinayenda mwa apo ndi apo. Mu Disembala, mayeso atayandikira, Colby anaimba Lachisanu ndi mawu ofooka. Kabotolo kanatha sabata yatha. Tsamba limodzi la buku ankaliwerenga kubwerezabwereza, m'mutu osatsala kanthu. Mayeso a sayansi anali Lolemba masana, ndipo akalephera amenewo, bungwe lomwe linkamulipirira sukulu likanamusiya. Rhonda anachita mantha, ndipo mantha ake amatulukira pakamwa.

"Iwe, mutu wakowo unaubwereka kwa ndani? Sabata yonse uli chete? Imbira dokotala pompano, ine ndili pa foni yomweyi!"

Colby anaimbadi. Koma anaiwala kunena kuti tsopano amakhala kwina, ndiye dokotala anatumiza chilolezo cha mankhwala ku famase yakale, sitolo ya mankhwala ya ku Toledo. Loweruka m'mawa Rhonda anali woyamba pakhomo pa famaseyo. Atalandira kathumba, anafunsa ngati positi ingakafikitse msanga.

"Amenewa munthu wamba satumiza pa positi, mayi," anatero wogulitsa mankhwala. "Ndi mlandu."

Basi, Rhonda anaganiza zokapereka yekha. Anaimbira Colby kuti amuuze, foni yozimitsa, batire latha monga mwa masiku onse. Tsiku lonse anangozungulira m'nyumba. Anaphika makaroni a tchizi thireyi yodzaza, anachapa bulangete, anagula masokosi, anayamba kukolopa n'kusiyira pakati chifukwa anakumbukira zopopa matayala. Lamlungu kutacha anaponya zonse m'galimoto nanyamuka, chipale chofewa chikuwaza pa galasi. Njira yonse ankakonza mawu oti akamulalatire mwanayo, ndipo ena anali okoma ndithu.

Anafika masana. Chitseko cha chipinda cha Colby anatsegula ndi mnzake wogona naye, mnyamata wamtali dzina lake Anselm.

"Amayi a Colby? Koma Colby wakwera basi m'mawa. Akuti akukatenga mankhwala kwanu."

Rhonda anaima ndi thireyi m'manja. Ndiye kuti iye ndi Colby anasemphana pamsewu, mwina pa mlatho wina pomwe anachedwa. Anaika makaroni pa bedi napisa dzanja m'chikwama kuti asiye kabotolo pa desiki, mwanayo akapeze pobwera. Munali makiyi, magolovesi, theka la donati. Anakhuthula chikwama chonse. Anatsika kukasanthula m'galimoto, pansi pa mipando, m'bulangete, mpaka m'masokosi atsopano aja. Kabotolo kunalibe.

Ali chogwada m'chipale, foni inalira.

"Amayi, muli kuti? Ndafika, m'nyumba mulibe munthu. Mopu ili pakati pa khitchini."

"Ndili ku koleji kuno," anatero Rhonda, mawu atachepa. "Colby, mankhwala aja ndataya."

"Ali pano pambali pa ketulo. Kathumba sikanatsegulidwe n'komwe."

Dzanja la Rhonda lomwe ndi limene linakaika pamalo pake pa zaka zonse, mutu uli ku makaroni. Rhonda anachita manyazi, mawu onse okoma aja anamuthawa. Kenaka anadzuka nayamba kufufuza makiyi.

"Dikira pomwepo, ndikubwera kudzakutenga. Ndikanyamuka pano..."

"Ayi amayi. Ndagula kale tikiti, basi ya m'mawa ifika mayeso asanayambe, ndipo ndiwerenga m'njira. Inu khalani pansi. Idyani makaroniwo ndi Anselm."

"Wadziwa bwanji za makaroni?"

"Mumaphika amenewo mukada nkhawa." Kenaka Colby anafunsa: "Amayi, mafunso a ADHD amene dokotala ankandifunsa ndili mwana aja, alipo anakufunsanipo inu?"

Rhonda anakhala pa mpando wa galimoto, chitseko chili chotsegula, nayang'ana phazi lake. Linali likugundabe pansi.