Malovu anali anga, dzina ndi lako

Lero kuchipatala dokotala ataona dzina la bambo athu anandifunsa, "Ndinu achibale a malemu Dokotala Zainabu? Kusukulu tinaphunzira kafukufuku wawo wa matenda a maganizo otengera kumtundu."

Zainabu mng'ono wanga, ndinamwetulira koma mtima unawawa. Ndinakumbuka tsiku unafika kwathu ku Mwadzama ndi timabotolo, n'kundipeza ndikusambitsa amayi, mutu wawo utasokonezeka kale. Unati, "Achemwali, lavulirani umu, mwina tidziwa chikuwazunza." Ndinalavulira, iwe n'kubwerera kutauni. Zaka khumi ndinawasamalira ndekha, koma wotchuka ndiwe. Nsanje ndikadali nayo, sindibisa. Allah akanakubweza lero, ndikanakukalipira kaye mpaka mawu kutha, kenako n'kukuphikira mpunga.