Kukafunsira Mbeta ku Ntchisi ndi Buku la Ndege

Tinanyamuka pa Chezi Loweruka cha m'ma 6 koloko m'mawa, m'mwezi wa Juni, chisanu chikuluma makutu. Tinali awiri: ine Mwale, telala wa pakhonde la sitolo, ndi Filimoni, mwana wa mlongo wanga, amene nthawi imeneyo ankaphunzira kuyendetsa kandege ka injini ziwiri ku Lilongwe. Ine ndinanyamula jekete ndi khadi la chipani. Iye ananyamula buku lofotokoza za m'kati mwa ndegeyo, lonenepa ngati Baibulo la paguwa.

Ulendo unali wokafunsira mbeta kumapiri a Ntchisi. Mtsikanayo anali Eneresi, mphunzitsi wa ku pulayimale. Malume ake, a Mbewe, mwini chigayo, anali atatumiza kale mawu akuti, "Abwere, koma adziwe kuti ife sitisoketsa diresi loyera lero kuti mawa tigule nsalu yakuda." Tinamvanso kuti kalaliki wina wa kumsika wa fodya wayamba kuzungulira pakhomopo ndi njinga yake yatsopano, ndipo a Mbewe ankati njinga ikafa munthu amangotsika n'kuikankha.

Pamwambo wathu mnyamata salankhula pa nkhani zotere. Wolankhula ndi malume. Ndiye kuti ine, amene ndege ndinkangoiona ngati kadontho kumwamba, ndinayenera kuidziwa yonse tisanafike.

Basi yopita kuboma la Dowa tinalipira 35 tambala aliyense. Tisanakhazikike n'komwe, Filimoni anatsegula buku pamiyendo panga.

"Malume, choyamba mugwire ichi: m'ndege imeneyi chilichonse chofunika chilipo pawiri. Injini ziwiri. Injini iliyonse ili ndi timabokosi tiwiri topanga moto wa mapulaga, timati magineto. Ngakhale batire ithe, injini sizima."

"Nanga ukudziwa bwanji kuti onse awiri ali moyo?"

"Tisananyamuke timazimitsa kabokosi kamodzi n'kumvetsera, kenako kanzake."

Mayi wina wachikulire amene anakhala kumbuyo kwathu ndi nkhuku m'manja anali akumvetsera. Anandigwira paphewa.

"Pepani bambo, mwana wanuyu wakwatira?"

"Ndiko tikupita, mayi."

"Ndiye mumuuze kuti zapawirizo zithere kundege komweko."

Basi yonse inaseka, Filimoni n'kubisa nkhope m'buku.

Kuboma tinafika 8 koloko itangodutsa. Tinalowa m'katiyirumu kena kuseri kwa msika, n'kuitanitsa tiyi wamkaka ndi masikono awiriawiri. Apo ndi pamene phunziro la mafuta linachitikira. Filimoni anaika kapu yake kumanzere, yanga kumanja.

"Awa ndi matanki, ali m'mapiko. Thanki iliyonse imamwetsa injini ya mbali yake. Koma pali kapaipi kodutsa pakati," anagoneka supuni pakati pa makapuwo, "kuti injini ina ikafa, yotsalayo izitha kumwa mafuta a mnzake. Pali zogwirira ziwiri pansi, pakati pa mipando. Ukatembenuza cholakwika, waimana mafuta injini yamoyo."

Atatero anayang'anitsitsa supuniyo. Tiyi wake anali atayamba kuzizira.

"Apa ndi pamene ndinalephera, malume. Mwezi wathawu. Wondiyesa anandifunsa, ine ndinaloza chogwirira cholakwika, iye n'kutseka buku. Andipatsa mwayi umodzi wokha, mu Ogasiti. Amayi sakudziwa. Kumene tikupitaku musakanene."

Sindinalonjeze kanthu. Ndinangomuuza kuti amalize sikono.

Basi ya ku Ntchisi tsikulo kunalibe. Cha m'ma 10 koloko tinapeza lole yochokera kokasiya fodya, yopanda katundu kupatula ziguduli. Dalaivala anati 50 tambala munthu mmodzi, ndipo tinakwera kumbuyo pamodzi ndi anthu ena asanu ndi mbuzi imodzi.

Tikuyandikira Dzaleka, nkhani zonse zinatha. Masiku amenewo kunali ndende, ndipo podutsa pamenepo munthu unkayang'ana nsapato zako. Patsogolo pang'ono tinapeza chingwe chopingasa msewu, anyamata a chipani atatu akuona makadi. Makadi tonse tinali nawo. Koma mmodzi wa iwo, wamtali, anaona buku lotsegula pamiyendo ya Filimoni, patsamba lojambulidwa mizere yofiira ndi yobiriwira.

"Mapu a kuti amenewa?"

Buku la Chingerezi lokhala ndi mizere, pafupi ndi malo ngati amenewo, linali lokwanira kuti munthu asakafike kumene akupita.

"Si mapu, achimwene," anatero Filimoni modekha. "Ndi mapaipi a mafuta a ndege. Ndine wophunzira." Anatulutsa kalata yake yodindidwa.

Mnyamatayo anawerenga kalatayo nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Kenako anakwera patayala kuti aone bwino, n'kutsata mzere wofiira ndi chala mpaka pamene unathera.

"Ndiye inu mumapita kumwamba zenizeni?"

"Eya."

"Kwathu ndi ku Nachisaka. Mukamadutsa muziimbako hutala, amayi adziwe kuti ndinakuonanipo."

"Ilibe hutala."

"Injini ziwiri, koma hutala ayi?" Anatsika akupukusa mutu, n'kumasula chingwe. Lole inapitirira.

Kuchokera apo msewu ndi wafumbi, wokwera ndi kutsika. Minda inali itakololedwa, mapesi ali mbwee, zigafa za fodya zili zopanda kanthu. Filimoni anandikhazika pa mulu wa ziguduli, nati nditambasule miyendo.

"Pansi pa mapazi anu pali zopondera ziwiri zowongolera mchira. Injini ikazima, ndege imapotolokera mbali ya yakufayo. Inu mumaponda mwamphamvu ndi phazi la mbali inayo kuti iwongoke. Phazi limene langokhala osagwira ntchito ndilo likukuuzani injini yafa. Phazi lakufa, injini yakufa. Tiyeni. Yakumanzere yazima!"

Ndinaponda kumanzere.

"Mwatipha, malume."

Tinabwereza. Pofika pachitunda chachitatu ndinali nditapha anthu a mulolemo kasanu, ndipo anali atayamba kundiwerengera mokweza. Bambo mwini mbuzi anapempha kuti iye atsitsidwe ndege isananyamuke.

Cha kumasana, pachikweza china kupitirira Nachisaka, lole inawira. Tinatsika tonse, wina n'kuthamangira mwala woika kutayala. Podikira kuti injini izizire tinagula mbatata yootcha kwa mayi wina wa m'mbali mwa msewu, ziwiri 5 tambala, yotsekemera ngati yathiridwa shuga. Dalaivala, amene anali atamva za ndegeyo, anabwera akupukuta manja.

"Aphunzitsi, kumwambako zikavuta mwala mumauika pati?"

Filimoni anaseka, nawafotokozera za matayala amene amapindikira m'mimba mwa ndege, ndi timagetsi titatu tobiriwira tosonyeza kuti atuluka ndipo akhoma. Akakana kutuluka, pali chogwirira chowatulutsira pamanja.

"Ndiye kuti hendulo iliponso kumeneko," anatero dalaivala, atakhutira. "Basi ndi galimoto ndithu."

Ku Ntchisi tinatsika cha m'ma 2 koloko, n'kuyenda pansi ola lathunthu kulowera chakuphiri, nkhalango ikuoneka yakuda patsogolo pathu. Phokoso la chigayo tinalimva mudzi tisanauone. Filimoni ndinamusiya pansi pa mkuyu, patali pang'ono ndi nyumba zoyamba, ine n'kupitirira ndekha.

Anandilandira bwino. Anandipatsa mpando pakhonde ndi chikho cha thobwa. Mayi ake a Eneresi anakhala pamphasa ndi achemwali awo. Chigayo chinazima, ndipo a Mbewe anatulukira, munthu wamfupi, ufa uli m'nsidze, chala chimodzi cha kudzanja lamanja chili chodukira pakati. Titapatsana moni ndi kufunsana za kumudzi, ndinanena chimene ndinadzera. Iwo anaimika chala chodukacho.

"A Mwale, ichi chinadyedwa ndi lamba tsiku limene ndinkadziyesa kuti injini ndaidziwa. Ine injini sindiikhulupirira. Tandiuzani, batire ikatha kumwambako?"

Ndinayankha za magineto, mawu ali njii ngati ndikuwerenga Mawu m'tchalitchi. Anagwedeza mutu. Anafunsa za mafuta, ine n'kubwereka chikho chachiwiri. Anagwedezanso. Ndinayamba kudzimva.

"Nanga injini imodzi ikazima, adziwa bwanji kuti yazima ndi iti? Poti zonse zili panja."

"Zosavuta," ndinatero, n'kutambasula miyendo. "Yakumanzere ikazima, mumaponda..." Mapazi anga onse awiri anandiyang'ana. Ndinaponda kumanzere, n'kusintha, n'kusinthanso, mpaka mpando unapendekeka, thobwa n'kutayikira pathalauza. Mayi a Eneresi anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

A Mbewe sanaseke. Anali akuganiza.

"Ng'ombe yakumanzere ikagona m'goli, ngolo imakhotera kumanzere," anatero pang'onopang'ono. "Ndiye muyenera kukokera kumanja. Phazi lamanja ligwire ntchito. Lamanzere likhale."

"Ndi zomwezo! Phazi lakufa, injini yakufa."

"Chabwino. Tsono funso langa lomaliza. Mnyamatayo zonsezi anakhoza?"

Bodza linali pafupi, lalifupi, la mawu amodzi. Koma ndinaganiza kuti anthu awa akandipatsa mwana wawo, ndidzakhala nkhoswe yawo moyo wonse, ndipo mlandu uliwonse wa m'banjamo ndidzaukamba pakhonde lomweli.

"Analephera kamodzi," ndinatero. "Pa zogwirira za mafuta. Abwereza mu Ogasiti. Akalepheranso, basi."

"Chogwirira chimodzi chokha, n'kumubweza?"

"Chimodzi chokha."

A Mbewe anakanda ufa wa m'nsidze. "Wondiyesayo akanakhalapo tsiku lija, bwenzi ndili ndi zala khumi. Ameneyo ndamukonda. Mnyamatayo muitaneni. Musandiuze kuti ali ku Lilongwe. Amayi obwera kuchigayo akhala akundiuza kuti pamkuyu pali munthu wovala tayi amene akulankhula yekha uku akupondaponda pansi."

Filimoni anabwera atagwira buku pachifuwa, nagwada patali. A Mbewe anangomuyankha moni mwachidule n'kumutengera kuchigayo. Ndinawatsatira mpaka pakhomo. Anamumanga kumaso ndi kansalu, n'kuika dzanja lake pathanki ya dizilo.

"Tsata mafutawo ndi zala mpaka alowe mu injini. Usanditchulire mayina. Undiuze kumene akupita, ndiponso chimene chingawatseke."

Atamaliza, anamumasula n'kumupatsa khala. "Tsopano jambula za ndege yako pansi apa. Buku litsekedwe."

Ndinabwerera pakhonde. Mayi a Eneresi anandipatsa madzi ndi kansanza kopukutira thalauza, kenako anati, "A Mwale, achimwene angawo akalowa muja satuluka msanga. Mwana tamufunsa, akumufuna. Ife tavomera. Chinkhoswe chikhale mayeso akatha, akhoze kaya alephere, poti ife tikufuna munthu, osati ndege." Nkhani imene ndinaiphunzirira tsiku lonse inatha thalauza lisanaume.

Eneresi ndinamuona kamodzi kokha, akudutsa ndi ndowa. Anasuzumira m'chigayo, naona amuna awiri atagwada pansi akutsutsana za mzere wamakala, n'kupitirira akumwetulira.

Tinagona komweko. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi tinapeza lole ina yobwerera ku Dowa. Titatsika chitunda choyamba, Filimoni anatembenukira kwa ine.

"Munandiyalutsa, malume."

"Eya."

Kenako anati, "A Mbewe anandijambulitsa kasanu ndi kawiri. Kachisanu ndi chiwiri sindinaganize n'komwe, dzanja linkangopita lokha."

Paulendo umenewo ndinaphunzira kuti munthu wofunsa mafunso ovuta nthawi zina sakufuna kukukaniza, akungofuna aone chimene uchite ukafika pamene sudziwa. Ndinaphunziranso kuti mwendo wamanzere ndi wamanja si zinthu zoti munthu wazaka makumi asanu azidalira pagulu.

Filimoni anakhoza mu Ogasiti, ndipo ukwati unachitika mvula isanagwe. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, ndege iliyonse ikamveka pamwamba pa mapiri a Ntchisi, a Mbewe ankazimitsa chigayo n'kutulutsa anthu onse panja, ufa uli pakati, kuti aone mkamwini amene iwo anamuphunzitsa. Pofotokoza nkhaniyo, za ine ndi thobwa lija sankazitchula, ndipo pa chimenecho ndimawathokoza mpaka lero.