Mbale ya Buluu ya Mayi wa Pansi

Mpaka lero ndikamva fungo la mabulosi ali mu uvuni, shuga atayamba kupserera m'mphepete, ndimapezeka ndaima pa masitepe a nyumba ija ya ku Ilford, kudziko la azungu kuno. Inali nyumba yakale ya njerwa zofiira yomwe mwiniwake anaigawa pawiri, ife pamwamba, wina pansi, khomo lakumaso limodzi. Kapeti wa pamasitepe anali woperepeseka pakati, ndipo sitima ikamadutsa kuseri mawindo ankanjenjemera. Tinasamukiramo sukulu zitangotsekera holide yaitali ya nyengo yotentha, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinali awiriwiri, ine ndi amayi anga, omwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba.

Wa pansiyo anali mzungu dzina lake Moira, mayi wamtali wamkulupo kuposa amayi anga, tsitsi lopaka lakuda bii, zovala zakuda ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mikono yonse inali yojambulajambula, ndipo m'khosi ankavala kamkanda ka nyenyezi yozondoka yokhala ndi mutu wa mbuzi pakati. Ntchito yake inali yoyendetsa basi. Anali ndi galu wokalamba wogontha yemwe ankangogona pakhonde n'kumaliza mkonono ngati munthu. Tsiku losamuka anatithandiza kukweza matiresi, ndipo amayi atamufunsa dzina anafunsanso kuti amapemphera mpingo wanji. Kwa ife Amalawi limenelo ndi funso wamba, lofanana ndi kufunsa munthu kwawo. Moira anayankha mosabisa, akumwetulira, kuti iye ndi wa chipembedzo cha Satana. Amayi anangoti, "Oh, lovely," monga ankayankhira okalamba awo kuntchito, kenako anandikoka dzanja, kutseka chitseko chathu n'kuchitsamiritsa mpando.

Loweruka lake kunabwera amake Tendai, mnzawo wa amayi wa kumapemphero, nesi wobadwira ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Dedza. Akuluakulu ankaganiza kuti Chichewa sindichimva bwino poti ndinkayankha m'Chingerezi. Kalanga ine, ndinkamva zonse! Ndili chigonere pakapeti ndi makrayoni anga, amake Tendai anafotokoza kuti a sataniki sakopa munthu ndi mawu, amamukola ndi chakudya. Ukangodya, basi walowa, ndipo pakapita masiku amadzafuna magazi a munthu amene umamukonda kuposa onse. Anatchula amalonda ena a kumudzi omwe akuti anagula maminibasi abale awo atangomwalira motsatizana. Amayi anayesa kunena kuti mayi wa pansiyu amayendetsa basi ya eni ake ndipo akukhala palendi ngati ife. "Asisi, ndiye kubisala kwakeko," anatero amake Tendai, n'kupaka mafuta odzozedwa pafelemu ya chitseko.

Patangopita masiku awiri, m'mawa amayi akuthamangira shifiti, tinapeza mbale ya buluu pakhomo pathu. Munali keke ya mabulosi yotentha bwino, madzi ake ofiirira atasefukira m'mbali, ndi kapepala kotilandira m'nyumbamo. Amayi anaima nayo mbaleyo ngati awapatsa khala lamoto. Kudya sakanadya. Kutaya chakudya, iwo amene anakula akutola chimanga chogwa panjira yakuchigayo, mtima sunawalole. Kubweza mbale ya mnansi ili mbee nakonso kunali kutukwana, chifukwa kwathu mbale yabwera ndi kanthu imabwerera ndi kanthu. Anaiika pamwamba pa firiji, anandiloza chala mondichenjeza, n'kutsika masitepe chothamanga.

Amake Tendai ankadzanditenga cha m'ma teni akaweruka kuchipatala, choncho ndinali ndi maola awiri ndekha ndi fungo lija. Musandifunse kuti nkhani ya Loweruka ija inali itapita kuti. Ndinali mwana wadyera, ndivomere. Ndinakwera pampando kuti ndingoona, kenako ndinati ndingonyambita madzi a m'mbaliwo, kenako supuni inapezeka m'manja mwanga. Inali yokoma, abale, yowawasira pang'ono, pamwamba pokhukhuluzika ngati bisiketi. Nditadya theka ndi pamene ndinadziona pagalasi la uvuni, milomo ili psuu, madzi ofiira akutsikira pachigongono. Mawu a amake Tendai aja anandibwerera onse. Chotsalacho ndinachikulunga m'nyuzipepala n'kukachiponya m'bini ya panja, ndipo madzulo ndinauza amayi kuti ndataya yonse. Anapumira m'mwamba n'kundiyamika kuti ndine mwana womvera. Mbale anaitsuka, anaikulunga m'jumbo n'kuiika kunja kwa windo la kukhitchini.

Milungu itatu yotsatira inali yotentha kwambiri, udzu wa kupaki utauma, galimoto ya ayisikilimu ikuimba mumsewu masana onse, koma ine ndinalibe nazo ntchito. Ndinkadziwa chinthu chimodzi, kuti ndalowa, ndipo munthu amene ndimamukonda kuposa onse ndi mmodzi yekha. Ndinayamba kuwalondalonda amayi ngati mwanapiye. Akamasamba ndinkakhala pakhomo pa bafa. Akachedwa pang'ono kuchokera kuntchito ndinkaima pawindo, mphuno pagalasi, kuyang'ana basi iliyonse yofiira, ndikuopanso kuti mwina woyendetsa wake ndi Moira. Tsiku lina anadzicheka chala akudula kabichi, ine n'kulira mpaka kusanza, iwo n'kumadabwa kuti mwanayu watani. Zakudya zinasiya kulowa. Ndinkapemphera ndithu, koma ndinkakayika ngati Mulungu amamvanso mapemphero a mwana amene wadya keke ya sataniki.

Ndiye Lachinayi lina amayi anabwera masana, atawabweza kuntchito chifukwa cha chizungulire, n'kudzera kwa amake Tendai kudzanditenga. Lero ndikudziwa kuti kunali kutopa, mashifiti a maola khumi ndi awiri m'chipinda chotentha, munthu osamwa madzi. Koma ine nditawaona atagona pasofa, mapazi atatupa, nsalu yonyowa ili pachipumi, ndinati nthawi yakwana. Atangogona tulo ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi, sindikudziwa chifukwa chake, n'kutsika masitepe mwakachetechete.

Moira ndinamupeza kudimba la kuseri, akuthyola mabulosi pampanda wa kunjanji, galu atagona pamthunzi. Ndinaima patsogolo pake, ndinapinda mkono wa diresi, ndinatambasula dzanja n'kutsinzina. Ndinalankhula m'Chingerezi. "Keke ija ndinadya ndine. Tengani magazi anga, amayi anga muwasiye."

Nditatsegula diso limodzi ndinaona Moira atakhala pachidebe chovundikira, nkhope itayera, dzanja lili pakamwa. Anandifunsa dzina langa ngakhale ankalidziwa, ndikuganiza kuti ankafuna apeze mpweya. Kenako anandifunsa zomwe ndinamva, ndipo ndinakhuthula zonse, za chakudya, za magazi, za maminibasi. Sanaseke ngakhale pang'ono. "Tamanda, m'keke muja munali ufa, batala, shuga ndi mabulosi awa," anatero. "Ine magazi ndimawaopa, akamandibaya jakisoni ndimayang'ana kumbali." Anandiuza pang'onopang'ono kuti iye sakhulupirira kuti kuli Mulungu, komanso sakhulupirira kuti Satanayo aliko. Dzinalo kwa iye ndi anzake linali chizindikiro chabe cha munthu amene sagwadira chinthu asanachifunse mafunso. Anati sakopa anthu kuti alowe, ndipo kupweteka mwana kapena nyama ndi chinthu choletsedwa kwambiri kwa iwo. Zambiri zinandipita pamwamba. Chimene ndinamva bwino n'chakuti amayi anga safa.

Ndinamupempha kuti asawauze. Anakana. Anati mantha aakulu chotere si katundu woti mwana asenze yekha, ndipo iye sasunga zinsinsi ndi ana a eni. Anandigwira dzanja lomwe lija ndinamupatsa, tinakwera limodzi, iye n'kugogoda, n'kuima kunja kwa chitseko chopakidwa mafuta chija osaponda m'kati. Amayi anamvetsera ataima, nsalu yonyowa ili m'manja. Ine ndinali nditakonzekera kale mbama. Moira atatsika, amayi anakhala pansi penipeni pakapeti n'kundikokera pamiyendo ngati khanda. "Chitsiru cha mwana iwe," anatero, misozi ili chuchuchu. "Unakapereka dzanja lako? Ukanandisiyira ndani ine?" Analira, kenako anaseka, kenako analiranso, ndipo madzulo ake ndinadya mbale ziwiri za mpunga.

Loweruka m'mawa ndinadzutsidwa ndi fungo la mafuta. Amayi anali atatenga mbale ya buluu ija pawindo, ataichotsa m'jumbo, ndipo ankaunjikamo mandasi otentha mpaka kupanga phiri. Amake Tendai, omwe anabwera kudzawaona za chizungulire chija, anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno n'kufunsa ngati amayi apenga. Amayi sanakweze mawu. "Asisi, mayi uja wandibwezera mwana wanga. Mbale yake ibwerere ili mbee?" Anavundikira mandasiwo ndi kansalu kawo ka maluwa kolandirira alendo, anamanga chitenje n'kutsika okha. Ine ndinaima pamasitepe n'kumawayang'ana mpaka anagogoda pachitseko cha Moira.

Amake Tendai anatha mwezi wathunthu osaponda pakhomo pathu, ndipo kumapemphero anthu ena anayamba kuwapatsa amayi moni wa patali. Amake Tendaiwo anadzabwerera okha, poti kunja kuno sutaya munthu wolankhula chinenero chako, koma ankawakumbutsabe amayi za mandasi a tsiku limenelo. Mbale ija inapitiriza kukwera ndi kutsika mpaka masamba anayoyoka. Kukatsika zitumbuwa kunkakwera keke ya maapozi, kukatsika nkhwani wotendera kunkakwera tomato wa kudimba. Amayi ankapempherera chakudya cha Moira nthawi yaitali kuposa china chilichonse, mpaka chinkazizira, kenako ankadya. Madzulo aliwonse ankamutchula dzina m'pemphero kuti atembenuke. Moira ankadziwa zimenezo ndipo ankangoti zikomo. Sanatembenuke, amayinso sanasunthe pa chikhulupiriro chawo, ndipo sindinawamvepo akukangana za Mulungu. Ankakangana za tsiku lotulutsa mabini.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti wolimba mtima m'nyumba muja ndinali ine, amene ndinatsika masitepe kukapereka dzanja, ndipo ndinkayenda modzimva. Ndinkaganizanso kuti amayi anatsika ndi mandasi chifukwa mantha awo anali atatha monga anathera anga. Ndakula tsopano, ndaona momwe mawu oti sataniki amasiyira munthu yekha pakati pa anthu athu, wonenedwayo ngakhalenso wongodya naye. Chaka chatha ndinawafunsa amayi ngati tsiku lija anali atakhulupiriradi zimene Moira ananena. Anali akupukuta mbale, sanatembenuke. "Kukhulupirira chiyani? Ndinkaopa mpaka m'mafupa," anatero. "Koma iwe unali utaima pamasitepe ukundiyang'ana."